Za Kuchuluka kwa Anthu ndi Mbale ya Ufa ya Agogo Anga

Ndapempha malo m'tsamba lathu lino kuti ndikambe nanu nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo chibwerere ku tchuthi cha Khirisimasi. Inayambira m'kalasi, pa phunziro la Jogalafe, koma inanditsata kufikira kwathu ku Mitundu, ndipo kumeneko, pakhonde pa agogo anga aakazi, inandichititsa manyazi amene sindinawaiwale mpaka lero. Mundikhululukire ngati ndichulutsa manambala. Nkhani yake ndi ya kuwerenga anthu, ndipo munthu sangaikambe popanda kuwerenga.

Tsiku limenelo aphunzitsi athu analemba pabolodi mzere wa zaka ndi manambala. Anati kuyambira makedzana kufikira cha m'ma 1800, anthu onse a pa dziko lapansi anali asanapitirire biliyoni imodzi. Biliyoni yachiwiri inakwana cha mu 1927, yachitatu mu 1960, ndipo pa 15 Novembala 2022 bungwe la United Nations linalengeza kuti takwana mabiliyoni 8. Kwa amene sadziwa kukula kwa biliyoni, ndinene kuti ndi mamiliyoni 1,000. Munthu atati aziwerenga nambala imodzi pa sekondi iliyonse, osadya, osagona, angathe zaka zoposa 31 asanafike pa biliyoni imodzi yokha.

Zimenezo zinali zakutali, ndipo ambiri m'kalasimo tinangoyasamula. Koma atafika pa dziko lathu tinakhala tsonga. Kalembera woyamba wa Malawi wodzilamulira, wa mu 1966, anapeza anthu 4 miliyoni. Mu 1987 anali pafupifupi 8 miliyoni. Mu 2008, chaka chimene ine ndinabadwa, anali 13 miliyoni. Ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 17,563,749. Pakati pa makalembera awiri omalizawa, pa anthu 100 alionse pankawonjezeka 2.9 chaka chilichonse. Inu okonda Masamu tayesani, mupeza kuti pa liwiro lotere chiwerengero chimawirikiza kawiri m'zaka 24 zokha. Boma la kwathu la Lilongwe, kupatula mzinda, linali ndi anthu oposa 1.6 miliyoni, kuposa boma lina lililonse m'dziko muno. Koma nthaka ya Malawi sinakuleko ngakhale ndi phazi limodzi. Mu 1966 pa sikweya kilomita imodzi pankakhala anthu ngati 43. Mu 2018 anali 186.

Kunena zoona, ine sindinasowe bolodi kuti ndikhulupirire zimenezi, pakuti ndinazionera kale pa munda wa agogo. Kwathu ndife Achewa, ndipo munda umayenda ndi ana aakazi; mwamuna amakakhala pa chikamwini, monga anachitira abambo anga pochoka kwawo ku Nathenje. Agogo amati pamene ankakwatiwa, a nyakwawa anawalozera malo ndi dzanja, nati alime kufikira pamene mphamvu ziwathere. Anatenga maekala ngati 6, ndipo mbali ina inkagona tsala zaka zingapo kuti nthaka ipume. Ana awo aakazi atatu atakula anagawana, yense maekala awiri. Amayi anga nawo ali ndi ana aakazi atatu, ndi ife amuna awiri. Tsono gawani maekala awiri patatu, muone chimene mlongo wanga aliyense adzalandira: kachigamba kosakwana ekala, kamene kalimidwa chimanga chaka ndi chaka kosapuma, ndipo sikaberekanso kanthu popanda feteleza. Mawu akuti tsala ana a masiku ano sawadziwa. Kubwalo kwa amfumu milandu ya malire ndiyo yachuluka, ndipo ndikudziwa abale a bere limodzi amene anasiya kupatsana moni chifukwa cha mizere iwiri.

Mukadzakwera Phiri la Bunda mudzayang'ane pansi. Mudzaona minda yokhayokha kufikira pamene maso alekera, ndipo apa ndi apo timagulu ta mitengo yobiriwira ngati tizilumba. Timeneto ndi manda. Mitengo yachilengedwe yatsala ndi ya amene anagona. Amoyo yawo anamaliza. Mukatembenukira kumadzulo mudzaona mapiri a Dzalanyama, nkhalango imene boma linaiteteza mu 1922. Kumeneko ndiko umachokera mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde ndi kumwetsa anthu a mumzinda. M'bandakucha njira zochokera kumeneko zimadzaza njinga zosenza matumba a makala, atatu kapena anayi pa njinga imodzi, kulunjika ku tauni. Zinafika poti mu 2015 asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalangoyo. Sindikunena izi monyoza munthu ayi. Atsibweni anga omwe ndi mmodzi wa okankha njingazo, ndipo ina mwa ndalama zimene zimandigoneka ndi kundidyetsa pasukulu pano ndi zakuda ndi makala.

Aphunzitsi anatiuzanso za mbusa wina wa mpingo wa Anglican ku England, dzina lake Thomas Malthus, amene mu 1798 analemba kuti anthu amachuluka msanga koposa chakudya, ndi kuti njala, matenda ndi nkhondo ndizo zimabwezera chiwerengero pamalo pake. Nditafunafuna zina, ndinapeza wina wa ku America, Garrett Hardin, amene mu 1974 anafanizira mayiko olemera ndi bwato lopulumutsira anthu panyanja. Maganizo ake anali akuti m'bwatomo malo ngochepa, ofuna kukwera ngambiri, ndipo mukachita chifundo n'kuwakweza onse, bwato limira ndipo mufa nonse. Chotero kutumiza chakudya kwa osauka n'kungokuza tsoka, popeza akakhuta adzaberekana koposa. Ndivomere poyera kuti mawu amenewa anandilowa. Anandionekera owawa koma oona, ngati mankhwala a malungo. Ndinapita ku tchuthi nditawasenza m'mutu, ndikudziyesa munthu amene watola chinsinsi chimene anthu akumudzi sachidziwa.

Tsono tsiku lina m'mawa, pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, mvula italeka, tinamva odi pabwalo. Anali mayi wina wa m'mudzi woyandikana nawo, mwana kumbuyo, wina atamugwira chitenje, winanso wamkulupo akutsata pambuyo, ndipo aliyense amatha kuona kuti mayiyo ndi woyembekezera. Anagwada chapatali napempha ganyu yopalira, kapena madeya okha ngati ganyu palibe. Ife ganyu tinalibe, ndipo matumba a chimanga anali atatsala awiri. Agogo sanafunse zambiri. Anati, "Fikani pakhonde, a Naphiri, musagwade pamatope." Nalowa m'nyumba, natuluka ndi mbale yodzaza ufa wa mgaiwa, naikhuthulira m'kansalu ka mayiyo.

Atachoka, nzeru zanga za kusukulu zinayamba kundiyabwa pakamwa. Ndinati, "Agogo, ufa umenewu ukanatifikitsa mawa. Anthu oterewa amadzichititsa okha. Munthu alibe chakudya, nanga ana onsewa akuberekeranji? Mukamawapatsa ndiye kuti mukuwalimbikitsa."

Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali. Masiku onse amanditchula amuna awo, monga achitira agogo ndi adzukulu awo, koma tsikulo nthabwala panalibe. Anati, "Iwe mwana, khala pansi. Kodi ukudziwa kuti ine ndinabereka angati?" Ndinati asanu, pakuti ndi amene ndimawadziwa. Anati, "Asanu ndi anayi." Ndipo anayamba kuwatchula mayina mmodzimmodzi, pamodzi ndi anayi amene ali kuja kwatsala mitengo. Wina anatengedwa ndi chikuku, awiri ndi malungo, ndipo wina anangokhala masiku asanu ndi limodzi, nauma thupi, napita. "Amako ndi wachisanu ndi chiwiri. Ndikanawerenga monga ukuwerengera iwemu n'kulekera pa atatu, bwenzi lero ndili ndi mwana mmodzi, ndipo iwe bwenzi kulibe. Tsono tandiuza, mwa ana aja wawaona apawa, wochulukitsa ndi uti? Undilozere, ndikamuuze mayi wake."

Ndinasowa poyankha. Ndinatenga khasu n'kupita kudimba, ngakhale kunalibe ntchito.

Chibwerere kuno ndakhala ndikuwerenganso, ndipo ndapeza kuti agogo, amene sukulu analekera poyambirira, anaponda pamene pagona nkhani. Funso limene ndinali ndisanadzifunse ndi ili: kodi anthu achuluka chifukwa ninji? Ambiri timayesa kuti amayi a masiku ano akubereka koposa akale. Si choncho ayi. Akale ndiwo ankabereka koposa. Chimene chasintha n'chakuti ana aleka kufa monga ankafera. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi, 234 ankamwalira asanakwane zaka zisanu, ndiko kunena pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Wa mu 2015 ndi 2016 anapeza 63. Nthomba, imene inasiya zipsera pankhope za okalamba ena, inathetsedwa pa dziko lonse, ndipo zinalengezedwa mu 1980. Katemera wa chikuku, wa kafumbata ndi wa chifuwa chokoka mtima, sikelo ya mwezi ndi mwezi, madzi a pamjigo, maneti ogonamo, ndizo zatseka njira imene abale a amayi anga anayi aja anadzera. Ndipo ife a ku Mitundu tili nacho chonyadira. Pa 23 Epulo 2019, pachipatala cha Mitundu, ndi pamene anayambira kupereka katemera wa malungo kwa ana a kusikelo. Malawi linali dziko loyamba pa dziko lonse lapansi kutero, Ghana ndi Kenya n'kudzatsatira chaka chomwecho.

Taonani tsono, anzanga. Zonsezi ndi ntchito za chifundo: za anamwino ogona maso, za a zaumoyo oyenda panjinga m'midzi atanyamula katemera, za amene anamanga zipatala ngati cha ku Nkhoma, za anthu akutali amene anasonkha ndalama zopulumutsira ana amene sadzawaona ndi maso. Kuchuluka kwathu kunabadwa m'chifundo. Akulu anati walira mvula walira matope. Matope alipo ndithu, ndawatchula kale. Koma amene afuna kuti matope asakhalepo konse alimbe mtima anene poyera kuti akanakonda ana 234 aja azifabe. Sindikhulupirira kuti pasukulu pano alipo anganene zimenezo akuyang'ana mng'ono wake kumaso.

Malthus analakwitsanso pa za chakudya, pakuti sanaoneretu feteleza wa m'mafakitale ndi mbewu zamakono, monga tirigu amene Norman Borlaug anapatsidwira mphotho ya Nobel mu 1970. Koma pamenepo sindikhalitsapo, chifukwa ife amene timaona makolo athu akulira mtengo wa feteleza chaka ndi chaka tikudziwa kuti chipulumutso chimenecho sichifika pakhomo paliponse.

Chimene chinandidabwitsa koposa ndi ichi. Hardin anati mukathandiza osauka adzabereka ambiri, ndipo ine ndinanena zomwezo kwa agogo. Koma manambala a dziko lathu akunena zina. Kafukufuku yemwe uja wa mu 1992 anapeza kuti, pogawa mofanana, mayi wa ku Malawi ankabereka ana 6.7 pa moyo wake. Mu 2010 anali 5.7, ndipo mu 2015 ndi 2016 anali 4.4. Zaka zomwe imfa za ana zinkatsika, ndi zomwenso kubereka kunkatsika. Chifukwa chake agogo anandiuza pakhonde paja. Mayi amene akudziwa kuti imfa idzatengapo ake amabereka ambiri kuti ena atsale, odzamusunga pa ukalamba ndi kudzamuika m'manda. Koma akaona kuti ana ake ndi a anansi ake akukula onse, mantha aja amayamba kuchoka, ndipo amayamba kufunsa funso lina: kodi awa ndili nawowa ndiwaphunzitsa bwanji? Chachiwiri ndi sukulu ya atsikana. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 anaonetsa kuti amayi amene sanapiteko kusukulu ankabereka ana oposa 5, pamene amene anapitirira sekondale sankafika pa 3. Mtsikana amene ali m'kalasi pa zaka 17 sali pabanja, ndipo akadzakwatiwa amakhala ndi mawu m'nyumba mwake.

Mayiko ena anayesa njira ya chikakamizo. Ku India, pakati pa 1975 ndi 1977, anthu mamiliyoni, makamaka osauka, anatsekedwa kubereka, ambiri mowaumiriza. Ku China lamulo la mwana mmodzi linagwira ntchito kuyambira mu 1980 kufikira mu 2015, ndipo popeza mabanja ambiri ankafuna mwana wamwamuna, ana aakazi ochuluka sanaloledwe kubadwa. Chiyambire 2022 chiwerengero cha China chakhala chikutsika, ndipo boma lomwelo likuchonderera anthu kuti abereke. Umo ndi mmene zimathera pamene olamulira aona anthu ngati nambala yofunika kuidula.

Kwathu kuno zinayenda mwina. M'zaka za m'ma 1960 boma la Dr. Kamuzu Banda linakana za kulera, ndipo linadzazilola mu 1982, pozitcha njira yotalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mnzake. Koma nzeru yakeyo si yachilendo. Makolo athu anali nawo mawu akuti kutumbiza, ndipo banja lotumbiza mwana akali kubere linkadzudzulidwa ndi anankungwi ndi akuluakulu, chifukwa ankadziwa kuti mwanayo anyentchera ndipo mayi afooka. Icho chinali chifundo, si chipongwe. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo kwa anansi athu a ku Dedza, Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuwabwezera kusukulu. Za njira za kulera, mipingo yathu imasiyana maganizo, ndipo ine mwana wa Folomu 3 ndizisiyira akulu. Koma sindinamvepo mpingo kapena mzikiti umene umaphunzitsa kuti mwana wa zaka 14 achoke m'kalasi akabereke mwana mnzake.

Nanga bwato lija? Agogo salidziwa, koma analikwerapo. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique anthu anathawira kuno ochuluka zedi, kotero kuti pofika mu 1992 anali oposa 1 miliyoni, pamene eni dziko anali ngati 9 miliyoni. Ambiri anali ku Nsanje, ku Ntcheu ndi ku Dedza, koma enanso analowera mbali yathu ya kumalire, nakhala m'midzi pakati pa anthu. Agogo amakumbukira banja lina limene analibwereka kadimba. Malawi linali limodzi la mayiko osauka koposa, ndipo katunduyo anali wolemera. Mitengo inadulidwa, nkhuni zinasowa. Koma bwato silinamire. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, alendowo anabwerera kwawo m'zaka zochepa zotsatira. Mlendo ndi mame, anatero akale.

Ndiponso tifunse: m'bwatomo wolemera thupi ndani? Mpweya woipa wochokera ku mafuta, malasha ndi mafakitale, umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula yathu, munthu mmodzi wa ku United States amautulutsa woposa wa Amalawi 100 kuphatikiza pamodzi. Ana onse a mayi wa mbale uja, ndi adzukulu ake adzabadwewo, sadzafikapo pa mlingo wa munthu mmodzi ameneyo. Ngakhale makala a ku Dzalanyama saphikira nsima ya ku Mitundu, amapita kumzinda. Chotero pamene wina anena kuti dziko ladzaza, ndi bwino kumufunsa kuti akuwerenga mitu yokha, kapena akuwerenganso chimene mutu uliwonse ukudya.

Koma ndisakunamizeni, anzanga, kuti ndapeza pothawira. Munda wa agogo sukula chifukwa chakuti Azungu amawononga koposa ife. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti oposa theka la Amalawi anali osakwana zaka 18. Ndife ifeyo amenewo. Ngakhale aliyense wa ife atadzakhala ndi ana awiri okha, chiwerengero chidzakwerabe zaka zambiri, chifukwa odzakhala makolo ndife ambiri. A United Nations mu 2024 anayerekeza kuti anthu a pa dziko lonse adzafika cha pa mabiliyoni 10.3 m'zaka za m'ma 2080 asanayambe kutsika, ndipo gawo lalikulu la kukwerako lidzakhala kuno ku Africa. Mbale ya agogo inadyetsa banja lija masiku awiri. Tsiku lachitatu mayiyo anali pakhomo pena, ali ndi pakati pachinayi pa thupi losadya, ndipo pakati potero pamapha. Ndinalakwa pomuweruza, koma ndikanalakwanso ndikanati ufa wokha wakwanira. Mayiyo akusowanso chipatala chapafupi, mwamuna womumvera, ndi sukulu ya kamtsikana kake kaja kamatsata pambuyo.

Pali nkhani ziwiri zimene ndakhala ndikuzilingalira usiku anzanga atagona. Yoyamba ndi ya makolo athu Achewa, ndipo malo ake ndi m'mapiri omwe aja a Dzalanyama, pa Kaphirintiwa. Amati pachiyambi dziko linali louma, ndipo Chauta anagwetsa mvula, natsika pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, ndipo mapazi awo anadindika pathanthwe likali lofewa. Onse anakhala mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Tchire linapsa, nyama zinathawa ndi kuyamba kumuopa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Chimene ndinali ndisanachione m'nkhaniyi ndi ichi: pamene nkhalango inapsa koyamba, anthu anali awiri okha. Makolo athu sanaike tsokalo pa kuchuluka, analiika pa chimene chili m'manja mwa munthu ndi mmene achigwiritsira. Lero utsi wa mauvuni a makala ukukwera m'mapiri omwewo, ndipo ine ndikudya za utsiwo.

Yachiwiri tonse timaidziwa, ya khamu la anthu 5,000 m'chipululu. Ophunzira a Yesu anachita Masamu monga ndinachitira ine. Anaona kuchuluka kwa anthu, naona kuchepa kwa ndalama ndi chakudya, napeza kuti njira ndi kuwabalalitsa aliyense akadzionere yekha. Kale ndinkayesa kuti phunziro lake n'lakuti chifundo sichiwerenga. Koma nditabwerezanso ndinaona kuti Iye anawerenga koposa iwo. Anafunsa kuti mikate ilipo ingati, anakhazika anthu m'magulu odziwika chiwerengero, ndipo atatha kudya analamula kuti zotsala zitoledwe, nazonso zinawerengedwa, madengu 12. Onse anawerenga, koma ophunzira anawerenga kuti apeze chifukwa chothamangitsira anthu, pamene Iye anawerenga kuti pasakhale wodumphidwa ndi kuti pasatayike kanthu. Mnzanga wina Msilamu wa m'chipinda chathu anandiuza kuti kwa iwonso chopereka cha zakaati chimachita kuwerengetsa, 2.5 pa 100 ya chuma chosungidwa, kuti wosauka asadalire kuti wolemera wadzuka bwanji tsikulo. Manambala a kalembera nawonso angathe kugwira ntchito ziwirizi. Munthu angatenge 17,563,749 n'kunena kuti achuluka, azionera okha. Wina angatenge nambala yomweyo n'kuwerengetsa kuti pafunika makalasi angati, anamwino angati, mbande za mitengo zingati. Ine pakhonde paja ndinali m'gulu loyamba, ndipo chimene chinandiikamo si nzeru ayi, anali mantha a matumba awiri aja.

Tsopano ndinene chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni, pakuti ndakhala ndikuchizemba kuyambira poyamba. Mlongo wanga wamng'ono ali mu Sitandade 8, ndipo alemba mayeso chaka chino. Chiyambire Sitandade 4 sanatsikepo pa nambala 3. Usiku woti mawa ndinyamuka, atsibweni anandiitanira kuseri kwa khola, nati, "Mphwanga, ndikuuze ukali pano. Mlongo wakoyu akasankhidwa kusukulu yogonera, njinga yanga siingasenze awiri. Ndakalamba, ndipo mitengo yatalikira." Sananene kuti atsale ndani. Sanasowe kunena, pakuti kwathu zikatere amatsala ndi mtsikana, makamaka pamene mnyamata wafika kale Folomu 3. Ndipo mtsikana akatsala pamudzi ndikudziwa chimene chimatsata, chifukwa anzake awiri amene ankasewera naye fulaye ali kale ndi ana kumbuyo, lamulo la 2017 lili pomwepo.

Inu mwawerenga zimene ndalemba pamwambapa za sukulu ya atsikana, ndipo mukuona kumene Masamu anga omwe akundilozera. Pafupi ndi kwathu pali sukulu yoyendera. Mabuku ngochepa, zipangizo za Sayansi n'zosowa, koma mayeso a Folomu 4 ndi amodzimodzi. Ndikanatha kumaliza kumeneko ndikugona kwa amayi. Kulemba zimenezi m'tsamba lino n'kosavuta. Kusiya bedi langa, magetsi owerengera usiku ndi anzanga a m'kalasi ndi nkhani ina. Abale adzakhala pansi tikatha kukolola. Ndalembera atsibweni kalata kawiri, ndipo kawiri konse ndaing'amba. Yachitatu ili m'bokosi langa pansi pa bedi, ndipo mnyamata wina wa kwathu akupita ku Mitundu Loweruka likudzali.